Manda Apita ku Romania

3 Novembala 1921

Wokondedwa Lajos, mwana wa mlongo wanga,

Ndikhulupirira kuti uli bwino ku Amerikako pamodzi ndi banja lako. Kuno chisanu chayamba msanga. Mbatata tinakumba, koma sizinabereke kwenikweni.

Unandifunsa ngati pangano la mtendere limene akuluakulu anasaina ku Falansa lili lachilungamo. Ine sukulu sindinapite nayo patali. Pankhondo tinagonja, ndipo wogonja sasankha. Zimenezo ndikuvomera. Koma amene analemba malire atsopanowa sanapondepo m'mudzi muno. Mzere wawo wadutsa kuseri kwa tchalitchi. Nyumba zatsala ku Hungary, manda apita ku Romania.

Dzana linali tsiku loyatsa makandulo pamanda. Ndinanyamula kandulo ya azakhali ako a Teréz, koma msilikali wa pamalire anandiimitsa.

"Chikalata chili kuti, madala?"

Ndinati, "Mkazi ndakhala naye zaka makumi anayi, lero ndikamuone ndi chikalata?"

Iye anaseka nati, "Amayiwo tsopano ndi a dziko lina. Kafunsireni wina kwanuko."

Kanduloyo ndinaiyatsa patsinde pa chipilala cha malire, mphepo n'kuizimitsa. Sindinaiyatsenso.

Chifuwa chija sichinathe. Adokotala anena zawo, koma tisathere pepala pa zimenezo. Malo amene ndinasunga pambali pa Teréz akadalipo, ndipo mtanda wake ndimauona ndikaima pakhomo. Iwe ndiwe wophunzira. Undifunsireko kwa odziwa malamulo ngati bokosi nalonso limafuna chikalata. Uyankhe chisanu chisanathe.

Ndine malume ako,
Gáspár