Ubwere Nawo Abiti Sulemani Lisanafike Lachinayi

Chirimba, Blantyre

Wokondedwa mng'ono wanga Esitere,

Moni kumudziko. Kodi mwendo uja unaphwa, kapena ukungoupakabe mafuta a nsatsi osapita kuchipatala? Ine moyo ulipo, koma msana watha ndi kugona pasimenti kuchipatala. Ino ndi sabata yachitatu ndili gadiyani wa alamu ako a Kingstone. Sitiroko ija yawapotoza pakamwa, moti akamayankhula womva ndine ndekha.

Chandilembetsa kalata ndi ichi. Lolemba kunabwera anthu a bungwe lina ndi kamera, ati akujambula mbiri za asilikali akale amene ali m'zipatala kuti zidzukulu zidzaonere. Wowatsogolera ndi mtsikana dzina lake Marwa, waulemu ndithu koma wosamva. Anandiuza kuti ndituluke, ati akufuna mawu a msilikali mwini wake. Ndinati chabwino mwanawe, kawamve. Ndisanamalize n'komwe kusenda nthochi pakhonde, uyo akubwera kudzandipempha kuti ndikamasulire. Ndinayenda pang'onopang'ono dala.

Anandikhazika pambali pa bedi n'kundipanira kamaikolofoni pabulauzi ngati nkhupakupa. Atafunsa za ku Mozambique, kuja alamu ako ankalondera njanji, ine ndinangoyamba nkhani ija umaidziwa, yakuti bomba litaphulika iwo anabereka mnzawo malemu Mohamedi tsiku lonse m'tchire. Nditafika pokoma penipeni, powoloka mtsinje, bamboyo anamenya chitsulo cha bedi ndi kapu mpaka wodi yonse kutembenuka.

Esitere, ananena kuti ndikunama. Kamera ikuona! Ndipo womasulira mawu amenewo ndinali ine ndemwe.

Ati wothyoka mwendo anali iwowo. Amene anabereka mnzake ndi Mohamedi, ali ndi bala la m'mimba limene sanaulule, ndipo atangowatula pamsasa anakhala pansi osadzukanso.

Tsono tandiuza, ine ndikanatani? Munthu anabwera kuchokera kunkhondo akutsimphina, osayankhula, kumangoyang'ana khoma. Azimayi kumjigo akundifunsa tsiku ndi tsiku. Ndinatola tizidutswa timene ndinamva kwa anzawo n'kusoka ndekha. Zaka zoposa makumi atatu iwo ali duu, kumadya mpunga ndi nyama ya mbuzi zimene mkazi wa malemuyo, Abiti Sulemani, amatitumizira Idi iliyonse pothokoza. Lero aona kamera, pakamwa patseguka! Nditawafunsa chimene sanandidzudzulire kalekale, anati chaka choyamba anachita manyazi, chachiwiri manyaziwo anakula.

Ndinapempha Marwa kuti afufute pamenepo. Iye anati alamule ndi mwini mbiri. Mwini mbiri anakana, n'kuwonjezera kuti sapitiriza kujambulitsa mpaka Abiti Sulemani atakhala pampando pambali pawo, amve ndi makutu awo zisanafike m'mafoni a anthu. Anthu a kamera abweranso Lachinayi la sabata yamawa. Adokotala sakulonjeza zambiri, ndipo ndi maso angawa ndikuona kuti mawu akuchepa tsiku ndi tsiku.

Pempho langa ndi limodzi. Pita wekha kwa mayi amenewo, usatume munthu. Ukangowauza kuti a Kingstone akuwafuna msanga, ali ndi mawu okhudza malemu amuna awo. Zinazi usakambe, pakamwa pako ndimapadziwa, tinabadwa mimba imodzi. Mukwere basi limodzi pofika Lachitatu, mwana wanga Eliot akakudikirani kudepoti ku Limbe.

Womasulira tsikulo ndidzakhala ine, liwu ndi liwu, osathira mchere. Chondiwawa ndi mtsinje uja. Ndinkaukamba bwino, koma ati kumeneko kunalibe ngakhale chithaphwi.

Undiperekere moni kwa amalume, kwa amuna ako, kwa apongozi ako ndi zidzukulu zonse. Kwa Abiti Sulemani usapereke. Amenewo ndidzawapatsa ndekha, nditagwada.

Ndine mkulu wako,
Lines