Za Injini Imene Yakana Kulowa M'galimoto ya Mpingo

Komiti ya Galimoto ya Odwala, Bowe
Tsiku: Loweruka, 14 Seputembala 1974
Malo: M'chipinda cha akulu a mpingo
Analipo: a Gideoni Chimphepo (Wapampando), a Benjamini Kamtedza (Mlembi), Mayi Debora Nachisale, a Kalisto (makaniko)
Sanabwere: a Nowa, mlamu wa Wapampando. Sanapepese.

1. Kutsegula
Mayi Nachisale anapemphera. Makhadi a chipani anaonetsedwa.

2. Za injini
Wapampando anakumbutsa kuti galimoto ya MG ya mipando iwiri, imene mwini wake Bwana Kameroni anasiyira mpingo kuti izinyamula odwala kupita kuchipatala cha ku Madisi, inkalephera zitunda. N'chifukwa chake anaichotsa injini yake, nabweretsa ya Landirova. Mlembi anati iye anaiyendetsa galimotoyo zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi osaima pachitunda, chifukwa sankakwezamo anthu asanu ndi thumba la mtedza. Wapampando anati zimenezo n'zakale.

A Kalisto anati injini yatsopano yakana kulowa. Iwo anayeza malo ake napeza zikhatho zisanu, ndipo a Nowa pokatenga injini ku Lilongwe anayezanso zikhatho zisanu.

Mayi Nachisale anafunsa kuti, “Zikhatho za yani? Inu a Kalisto timanja tanu n'ta mwana, a Nowa awo n'zikhasu. Munalibe ngakhale luzi?”

A Kalisto anati mayi asalowerere za zitsulo. Mayi anati iwo poyeza nsalu sabwereka mkono wa mnzawo.

3. Zodula galimoto
A Kalisto anapempha kudula chitsulo chakutsogolo ndi sowo, boneti izimangidwa ndi waya. Mlembi anakana. Anati chodulidwa sichimeranso, mabuleki ndi a kagalimoto kakang'ono, ndipo potsika phiri tidzapha odwala amene tikuti tikuwathandiza. Anapempha kuti injini yakale ibwezedwe. Wapampando anati inafa, inatayidwa. Anatinso, “Madala, inu munali wopukuta galimoto chabe.” Mlembi akulemba pano kuti laisensi yake ndi ya 1952, ndipo wofuna kuiona abwere.

Ofuna kudula: awiri. Wokana: mmodzi. Mayi Nachisale sanakweze dzanja. Adula Lolemba.

4. Zina ndi zina
Mlembi anati Lachinayi anaperekeza akazi ake kuchigayo chatsopano cha a Nowa ku Nachisaka. Ali panjira anamva injini ikutsokomola kawiri isanalire, monga ya MG ija inkachitira m'mawa uliwonse m'manja mwake. Atalowa anaona pa injiniyo chizindikiro chimene anakhoma yekha ndi msomali. Injini yakufa ija ikugaya chimanga.

Mayi Nachisale anafunsa Wapampando kuti, “Achimwene, n'zoona?” Wapampando anayang'ana pawindo. Mayi anati tsopano dzanja lawo akweza, ndipo akukana. Mavoti anakhala awiri kwa awiri, choncho sowo idikire. Mayi anatenga sowoyo kukasunga kwawo.

Wapampando analamula kuti nkhani yachigayo isalembedwe. Mlembi anati sukulu anailekezera Sitandade 3, koma chimene wamva ndi makutu ake amatha kuchilemba.

5. Msonkhano wotsatira
Loweruka, 12 Okutobala. A Nowa abwere ndi injini yakale ija, pangolo.

Msonkhano unatha 4 koloko masana, popanda pemphero.

Mlembi: B. Kamtedza
Wapampando: anawerenga, nabweza cholembera osasaina.