Nyanja ya pamwamba pa phiri

Woolwich, London
14 Novembala 1994

Amayi okondedwa,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi onse pakhomopo. Kodi mwendo uja ukuvutabe? Ine kuno ndili bwino, kungoti chisanu chayamba.

Amayi, Khirisimasi ino sindibwera. Ndikupita ku Nepal ndi anzanga a ku yunivesite, ndipo ndafuna mumve chifukwa chake kwa ine mwini.

Kumeneko mapiri ake ndi okutidwa ndi madzi oundana. Akamasungunuka amapanga nyanja pamwamba pa phiri, yotchingidwa ndi mulu wa miyala ndi dothi basi. Muluwo ukagumuka, nyanja yonse imatsikira kumidzi ngati napolo. Ntchito yanga ndi kuwerengera kuti madziwo angafike pati, komanso m'mphindi zingati.

Sabata yatha mnzanga wa ku Nepal, amene timabwerekana kompyuta, analoza pamapu n'kunena kuti apa ndiye kwawo. Anandifunsa ngati amayi ake asamuke. Masamu anga akuti madzi angafike pamudzipo m'mphindi makumi anayi, koma ndinamuuza kuti sindinena kanthu ndisanapondeko ndekha. Pobwerera ndinalira m'basi mpaka kupitirira siteji yanga.

Pali nkhani imene ndakubisirani zaka zitatu. Achimwene Abednego asanamange nyumba ija m'mbali mwa mtsinje, anandilembera kufunsa ngati malowo ali bwino, poti wophunzira za madzi ndinali ine. Nthawi imeneyo ndinali ku Zomba, digiri yatsopano ikundizunguza mutu. Sindinapite kukaona. Ndinangowayankha kuti mangani, madzi sangafike. Napolo atatsika m'phiri la Michesi, mukudziwa kumene tinakawapeza.

Pamaliro munkati Mulungu watenga wake, ine n'kumangogwedeza mutu.

Sindikuti mundikhululukire lero. Ndikungopempha kuti alamu anga a Winfrida musawauze. Ndidzawauza ndekha pamasom'pamaso ndikabwera mu Epulo, pakuti amuna awo anamvera ine. Mundipempherere ndikayeze nyanjayo mosamala, kuti mnzangayu ndidzamupatse yankho loona, ngakhale likhale lowawa.

Mundiperekere moni kwa achemwali a Tionenji ndi azakhali a Bessie. Ambuye akusungeni. Ngati mwakwiya, Amayi, lembani ndithu mkwiyowo, ndidzauwerenga wonse. Chimene sindingapirire ndi kuti mukhale chete.

Ndine mwana wanu,
Edgar