Bokosi la Alufeo Ndinalifunditsa Bulangete

Kaphuka, Dedza
Lachiwiri, mwezi wa Julayi

Wokondedwa mdzukulu wanga Rozina,

Choyamba ndifunse za moyo wako ku Joniko. Kodi ukudya, kapena khosi lija likadali ngati la nkhuku yonyowa? Nanga amuna ako a Fransisko ali bwanji? Kuno tadzuka, Mulungu akutisunga, kungoti chimfine chalowa m'mudzi ndi mphasa yake yomwe, sichikufuna kuchoka. Inenso chandigwira dzulo. Ukaona zilembo zapendama dziwa kuti ndinayetsemula, usayambe kunena za Sitandade 3 yanga.

Rozina, mkucha Lachinayi ndikukwera njinga yamoto! Ine, agogo ako, mpaka ku boma! Koma dikira ndiyambire poyambira, chifukwa pali china chimene sindinauze munthu, ngakhale abambo mfumu polapa.

Chimfine cha chaka chino si chija timachithamangitsa ndi mandimu. Chikugwetsa amuna okumba kachewere tsiku lonse. Khanda la mayi ako aang'ono a Anjelina linagonekedwa kuchipatala masiku anayi, likupuma ngati kamwana ka mphaka. Latuluka, usadandaule.

Ndiye Lachitatu lapitali kunabwera Alufeo, mlangizi wa zaumoyo. Ukumukumbukira, mwana wa malemu akatekisiti, wamakutu aja? Pano ndi bambo wa ana awiri, ndipo anamutumiza ku Lilongwe kukaphunzira ntchito yatsopano. Anabwera ndi bokosi la buluu kumbuyo kwa njinga yamoto, nati akufuna mamina a anthu odwala.

Tinaseka mpaka kutsokomola. Iye osaseka. Anatikhazika pansi n'kutifotokozera kuti chimfine chili ndi mafuko ngati anthu, ndiye kuti adziwe fuko limene latichezera, amapisa kathonje ka pakamtengo m'mphuno, n'kukatsekera m'kabotolo. Timabotoloto timapita ku boma, a ku boma amatipatsira ku labotale ya ku Lilongwe. A ku Lilongwe akaona kachilombo kachilendo, amakatumiza ku labotale yaikulu ya ku Joni. Akuti tsopano malabotale a kuno, a ku Zambia, a ku Mozambique ndi kwina konse akufuna azidziwitsana msanga, kuti matenda aakulu ngati korona uja asadzatipezenso tili chigonere.

Ine ndinamuuza kuti zimenezo si zachilendo, ndi mmene uthenga wa maliro umayendera kuchoka mphakati uno kupita mphakati winawo. Komanso chimfine sichionetsa pasipoti pa bodala, chimabwera ndi anthu a ku Mozambique odzagulitsa nyemba, n'kubwerera ndi athu. Anandiombera m'manja, nati ndamva kuposa ena amene anaphunzira nawo. Mutu unakula, Rozina. Pamenepo ndi pamene panayambira tsoka.

Anthu khumi ndi awiri analola kupisidwa, movutikira. Alufeo akuti azinyamuka, njinga ija tcheni phwa! Kuduka pakhomo panga penipeni, dzuwa lili pamutu. Anati athamangire ku Mayani kukafuna makaniko, ndipo pa anthu onse a m'mudzi muno bokosilo analisungitsa kwa ine. Anangoti, agogo, mundisamalire bwino, muli zamoyo mmenemu.

Zamoyo! Iwe ukuidziwa mphepo ya Julayi kuno. Tsiku limenelo nkhungu inali itatsika m'phiri, zala zosagwira ndi singano yomwe. Ndinagwira bokosi lija, zii ngati mwala wa kumtsinje. Nditsegule, ndikupeza timabotolo tija atatipanikiza ndi zimapaketi za ayisi!

Ndinakwiya. Ndinati ana a masiku ano, sukulu yonseyi osadziwa kuti chamoyo sichikhala m'chisanu? Nanga anapiye anga akabadwa mwezi uno ndimatani? Ndimawaika m'dengu pafupi ndi mbaula, n'kuwafunditsa. Ndiye ndinatulutsa ayisi yense n'kumuponya m'beseni. Bokosi ndinalikutira ndi bulangete langa la ku Joni, limene unanditumizira lija, n'kulikhazika pambali pa dengu la anapiye. Makala ndinawonjezera kawiri. Ndinkalitembenuza kuti mbali zonse zifunde mofanana.

Alufeo anabwera dzuwa litapendeka, ine n'kumulandira monyada, n'kumuuza kuti ndamukonzera zimene analakwitsa. Anafundukula bulangete, nayang'ana kachida koyezera kutentha kamene kali m'katimo, nakhala pansi pakhonde, manja kumutu. Sananditukwane. Bola akananditukwana, ndikanamubwezera. Anangonena motsitsa kuti, agogo, tizilomboti timafunika tikafike tozizira, tikafunda makina sawerenga kanthu. Kenako anandithokoza chifukwa cha mtima wanga wabwino. Mawu amenewo andipweteka sabata yonse kuposa dzino.

Tsopano tamvera. M'lipoti lake mwanayu analemba kuti bokosi linafunda lili m'manja mwake. Dzina langa mulibe. Amuitana ku boma Lachinayi kuti akafotokoze, ndipo mkazi wake wauza a Anjelina kuti mwina amulanda ntchito ya bokosiyi n'kuipereka kudera lina. Ine anthu atandifunsa pachitsime, ndinati bokosilo linangowonongeka lokha, zinthu za masiku ano n'zosalimba. Ndinanama, Rozina, korona yanga yopempherera ili m'khosi.

Lamulungu Misa itatha mtima unakana. Ndinaima pabwalo la tchalitchi n'kulengeza kuti Alufeo akubweranso Lachinayi m'mawa, ndipo aliyense amene chimfine changomuyamba abweretse mphuno yake pakhomo panga. Kunali phokoso! Alamu anga a Gerevazio, ang'ono awo a malemu agogo ako aamuna, anati iwo sapusitsidwa kawiri, anthuwa akukagulitsa mamina athu kunja. Ndinawafunsa pamaso pa mpingo kuti, alamu, ndani angagule mamina a munthu wofwenkha fodya kuyambira nthawi ya fedulo? Ngakhale paulere angawabweze. Anthu anagwa nazo, iwo eni akuseka ndi dzino lawo limodzi lija. Anati abwera, koma ine ndiyambe, aone ngati ndituluke wamoyo.

Dzulo ndayenda khomo ndi khomo, chitenje kukamwa kuti ndisapatsire anthu. Alola khumi ndi asanu ndi awiri, kuposa poyamba! Mayi wina amati kathonjeko kamafika ku ubongo, ndamuuza kuti kwa iye kayenda ulendo wautali osapeza kanthu. Abwera nayenso.

Ndipo Mulungu ndi wanthabwala, taona wandipatsa chimfine pa nthawi yake. Woyamba kupisidwa ndine.

Alufeo ndamuuza kuti ndikukwera naye. Anakana, amvekere agogo musadzivute, nkhaniyi ndithana nayo ndekha. Ndinamuuza kuti makutu akewo ndinawaona asanamere tsitsi, asandiphunzitse kopita. Ndikalowa mu ofesimo ndikanena ndi pakamwa pangapa kuti amene anawotcha chimfine cha boma ndi ine, Rute Nankhoma, ndipo mwanayu kulakwa kwake n'kukhulupirira nkhalamba basi. Ndikawauzanso kuti pa bokosipo alembe m'Chichewa kuti lisafunde, chifukwa agogo a anapiye m'dziko muno sindili ndekha. Ku Zambia aliko, ku Mozambique aliko.

Pempho langa ndi ili, mwana wa mwana wanga. A Anjelina ajambula kalatayi pa foni, ikupeza lero lomwe. Iwe umagwira ntchito mu labotale ya ku Joni ija, chizungu chawocho umachidziwa. Ndilembere mawu ochepa m'Chingerezi onena zimene ndakuuzazi, osakometsa, osabisa bulangete. Utumize mawa, a Anjelina akopera papepala, ine ndikasaina pamaso pa a ku bomawo. Pakamwa ndili napo, koma a m'maofesi amamva pepala.

Chinanso, ndipo ichi ndinena kamodzi kokha, usadzandibwerezetse. Utamaliza sukulu ndinakunyoza. Ndinkati anzako avala zoyera ndi manesi, iwe wasankha kusewera ndi mamina a anthu. Ndinkauza amayi a mphakati kuti uli ku ofesi, manyazi. Lamulungu lija ndinawauza zoona, kuti kumapeto kwa msewu wa bokosi la buluu kuli mdzukulu wanga, ndipo ndi iye amene adzakuwe matenda aakulu akamabwera. Ndinanena mokweza, a Gerevazio anamva ndi khutu lawo logontha lomwe.

Alufeo akuti si timabotolo tonse timafika ku Joni, koma tachilendo tokha. Ine ndamuuza kuti changa sichingakhale chimfine wamba. Ndiye uzikhala tcheru. Tangoganiza, mamina anga kukwera ndege mwini wake ndisanaione m'kati! Akakafika uwalandire mwaulemu, ndi agogo ako amenewo. Koma usawafunditse.

Undiperekere moni kwa a Fransisko, uwauze kuti chithunzi chija ndachiona, mimba ikukula ndi yawo osati yako, ndipo ine ndikudikirabe. Moni kwa amalume ako a Macdonald ngati mumaonana, uwakumbutse kuti mayi wawo sanafe. A Anjelina ndi khanda akupereka moni. Anapiye onse asanu ndi anayi ali moyo, aone Alufeo kuti njira yanga si yolakwika paliponse.

Amayi Maria akufungatire, Ambuye adalitse maso ako ndi manja ako pa ntchito imeneyo. Lachinayi cha m'ma teni koloko undinenere Tikuoneni Maria mmodzi. Ndidzakhala ndili pamsewu wa ku boma, kumbuyo kwa Alufeo, bokosi lili pamwendo ndi ayisi wake yense. Bulangete lija ndalichapa. Ulendo uno ndifunda ndine.

Ndine agogo ako okukonda,
Rute Nankhoma