Kanyali kofiira pansi pa masitepe

Lolemba, 3 Novembala

Mwezi sunathe chilowereni m'nyumba muno. Kuzizira kwayamba. Dzuwa lakuno ngati waganyu waulesi, kuchedwa kufika, kufulumira kuweruka.

Kuntchito nsalu za pabedi zokhazokha. Kuchapa, kuumitsa, kusita, kupinda. Hotela yonse imagonera manja anga, ndipo manjawo ang'ambika.

Chipinda changa n'chapansi, chakumbuyo. Chaching'ono koma chouma. Eninyumba ndi mayi wokalamba, miyendo inawakana kale. Ndawatcha Anamaluwa, poti zenera lililonse miphika ya maluwa. Amagona m'mwamba. Kukwera ndi kutsika amachita pa mpando wa magetsi woyenda m'mbali mwa masitepe, ukulira ngati njuchi. Tsiku loyamba ndinaseka, Ambuye mundikhululukire. Iwonso anaseka: "Galimoto yanga iyi, palibe wapolisi anandiimitsapo."

Bambo a mwana aimba foni. Kuti iwo ndi mwana abwere, pakufunika kalata ya eninyumba yonena kuti ndili ndi pokhala pokhazikika. Anamaluwa avomera. Akuti mwana wawo wamwamuna ndiye amasaina zinthu zotere, adzamuuza. Akutinso kachipinda kosungiramo katundu tidzakasesa, mwana wanga azigonamo. Ndine yani ine, Mulungu wanga?

Lachinayi, 6 Novembala

Madzi kuno satha pampope. Ndowa imene ndinatunga tsiku lofika ndaitaya lero, mobisa, mwamanyazi. Magetsinso sathima. Munthu akhoza kumera imvi osadziwa pomwe pamakhala machesi.

Koma kuwononga kwake. Tinyali paliponse, usana ndi usiku. Pa wailesi, pa chophikira, pakhoma. Kwathu malemu bambo ankazungulira nyumba yonse asanatuluke, kuzimitsa chilichonse pakhoma. Ankati, "Chowala chilichonse chikudya." Ndipo magetsi akabwerera mwaukali, za aneba zinkapsa, wailesi yathu ili bwinobwino.

Pansi pa masitepe, kuseri kwa majasi, pali swichi yokhala ndi kanyali kofiira. Sikuoneka kuti ikugwira ntchito yanji. Kungoyaka basi. Ndazimitsa popita kuntchito. Sindiwauza. Chabwino chochitira kuseri ndicho Mulungu amachiona bwino. Nanga mayi amenewa ndingawabwezere chiyani china?

Lamlungu, 9 Novembala

Mapemphero m'kachipinda kena pamwamba pa sitolo ya nsapato. Achemwali a kwaya andipatsa juzi yaikulu ngati thumba la chimanga. Ndimati ndikane. Akuti, "Iwe, kuno sitivala kuti tioneke, timavala kuti tisafe."

Anamaluwa aona zakuda Lachisanu. Mpando unaima pakati pa masitepe, osatsika, osakwera. Anakhala pomwepo mpaka wamakalata anamva kuitana. Wokonza anabwera ine ndili kuntchito. Pano ukuyenda. Makina akuno nawonso amadwala, kani.

Ndawapempherera ndi mtima wonse.

Kanyali kaja ndakapeza kakuyakanso. Amakayatsa ndani? Ndazimitsa.

Lachitatu, 12 Novembala

Dzulo mpando unaimanso. Ndikuweruka ndinawapeza pakati pa masitepe, akunjenjemera, milomo itauma. Anali atadzinyowetsa. Ndinawabereka kumsana mpaka kuchipinda kwawo. Kupepuka ngati nkhuku. Ndinawasambitsa, ndinawaphikira tiyi. Sanandiyang'ane kumaso. Anangoti, "Za siketi usamuuze mwana wanga."

Mwanayo wabwera lero. Bambo wamkulu ndithu, wa mu ofesi, tayi pakhosi ngakhale m'nyumba ya mayi ake. Ndamutcha Atayi. Moni wanga anayankha ndi mutu. Amayankhula mothamanga, ndimatola theka. Akuyankhula pa foni ndi wokonza uja ndamumva akuti mpando ulibe vuto, koma amayi akuuzimitsa okha kenako n'kuiwala. Mwina amadina kabatani kamene kali pa dzanja la mpando. Chisoni. Ukalamba sulemekeza munthu.

Za kalata yanga akuti adzasaina akadzabwera sabata yamawa, Lachisanu. Ndamuuza mwana wanga pa foni. Wafunsa ngati kachipinda kake kali ndi zenera.

Loweruka, 15 Novembala

Dzanja likukana kulemba.

Ndinaweruka masana. Potsegula chitseko, majasi onse ali pansi. Atayi atagwada pansi pa masitepe, chala chili pa swichi yanga ija. Yanga ija. Anamaluwa ali pa mpando wawo, wazimanso m'mawa uno.

Kani mpandowo umamwa moto pamenepo. Uli ndi batire m'mimba. Swichi ikazimitsidwa umayendabe tsiku limodzi kapena awiri, kenako n'kufa paliponse pomwe wafika. Dzulo m'mawa ndinazimitsanso ine, ndikuimba nyimbo ya Mulungu pakamwa.

Atayi amakalipa. Anamaluwa amakana, akuti iwo kuwerama satha, akafika bwanji kuseri kwa majasi. Mwana wawoyo akuti wokonza waipeza itazimitsidwa ulendo uliwonse, swichi siyenda yokha. Kenako anatembenukira kwa ine n'kufunsa ngati ndinawaonapo amayi akugwira pamenepo.

Ndinati ayi, sindinawaonepo.

Zoona zokhazokha. Bodza lenileni.

Kenako Anamaluwa anayang'ana manja awo. Anati, "Mwina ndimachitadi."

Mawu amenewo andilowa ngati munga.

Mwana wawoyo wamatapo tepi pa swichi. Lachisanu awatengera kwa dokotala woyeza mutu. Akuti waonanso kale nyumba ina ya okalamba, yabwino, ili ndi dimba. Ine ndinalowa m'chipinda mwanga, chikwama chili paphewa, n'kukhala pabedi mpaka tiyi wa m'botolo anazizira.

Lamlungu, 16 Novembala

Mgonero sindinalandire. Mbale inadutsa, ndinapinda manja.

Titatuluka ndawauza achemwali a kwaya. Anayamba aseka mpaka kugwira khoma, kenako nkhope inasintha. Akuti wasiya kuzimitsa? Basi. Mpando uyenda, nkhani ifa yokha. Akuti ndikayankhula katundu ali panja tsiku lomwelo, ndipo bambo a mwana ndizingowaonera pa foni mpaka mano atatha. "Ukayenda siya phazi, mlomo usiye m'thumba."

Bambo a mwana nawo ndawauza pa foni. Kumbuyo kwawo ndimamva mwana akuimba posamba. Pomaliza akuti dikira kalata isainidwe kaye, kenako ulape mmene ukufunira, Mulungu sathawa. Sindiwaimba mlandu. Atopa kugona okha, atopa kuluka tsitsi la mwana mokhotakhota.

Koma kalata ndi dokotala ndi tsiku limodzi. Akasaina m'mawa, masana mayi aja akawayeza.

Ambuye, ndimati ndikuchita zabwino. Mukudziwa Inu.

Lachiwiri, 18 Novembala

Mpando ukuyenda bwinobwino. Woukwera ndiye palibe.

Anamaluwa sakutsika. Maluwa a pansi anayamba kugwetsa makutu, ndathirira ine. Ndawapititsira chakudya m'mwamba. Andifunsa ngati anazimitsa chophikira, pomwe sanaphike chiyambire Loweruka. Magalasi anawasowa pang'ono, ali pa bulangeti pomwepo, analira ngati kwagwa maliro. Munthu amene sabata yatha ankandikonza kayankhulidwe kanga n'kumandiseka, lero akundifunsa ine ngati lero ndi Lachiwiri ndithu.

Achemwali ananama. Nkhani siikufa yokha. Akufa ndi munthu.

Ndikutuluka Anamaluwa anandigwira dzanja. "Ukadzandiona ndikuchita zopusa, undiuze iwe. Usadikire mwana wanga."

Ku hotela ndapsereza pilo. Kapitawo wandiponyera diso.

Lachinayi, 20 Novembala

Ndanena.

M'basi monse ndimakonza mawu m'chiyankhulo chawo, kuwabwereza ngati mwana wa mayeso. Nditafika ndinakwera, n'kugwada pafupi ndi bedi monga tichitira kwathu pa nkhani yolemera. Iwo anasuzumira pansi n'kufunsa, "Wataya chiyani?"

Mawu onse okonza aja anathawa. Ndinangoti swichi ija ndine. Ulendo uliwonse ndine. Inu simunaigwirepo.

Anandiuza ndibwereze. Ndinabwereza. Kenako nyuzipepala inatera pamutu panga, kawiri, katatu. Ali ndi mphamvu mayi aja. Akuti masiku onsewa akhala akudziika m'manda ali moyo, ine ndikuwabweretsera supu ndi nkhope ya mngelo. Akuti Loweruka ndinali ndi pakamwa kapena ayi?

Atapuma anafunsa chifukwa chake. Ndinawafotokozera za bambo, za chowala chilichonse, zoti ndimafuna kuwapulumutsira magetsi. Akuti kanyali kameneko chaka chonse sikadya ngakhale mtengo wa buledi. Anayamba kuseka. Kuseka mpaka kutsokomola, ndinachita kuwasisita pamsana. Kenako kusekako kunasanduka kulira, akungoti, "Mutu wanga uli bwino. Mutu wanga uli bwino."

Ndimayesa zathera pomwepo. Ayi.

Akuti akamuuza okha mwana wawo sakhulupirira. Munthu akangoganiziridwa kuti mutu wasokonekera, chilichonse chimene anganene chimakhala umboni wa matenda. Adzati ndawanyengerera, kapena alota. Koma akutinso ndikanena ine, amamudziwa mwana wawo, adzandithamangitsa, kalata sadzaikhudza n'komwe. Ndiye akuti ndikhale chete. Dokotalayo athana naye okha, masamu amawadziwa kuposa iye.

Taonani. Ine ndinawabisira choonadi kuti ndisunge chipinda, iwo akufuna kubisa choonadi chomwecho kuti andisungire chipinda. Munthu wosapita n'kutchalitchi komwe.

Nanga akakanjenjemera pamaso pa dokotala? Akakaiwala tsiku ngati Lachiwiri lija, chifukwa cha mantha amene ndinawadzala ine?

Ndawauza kuti ndinena.

Lachisanu, 21 Novembala

Ndapempha kuntchito, sindinapite.

Bambo a mwana ndawauza m'mawa. Anapumira m'mwamba. Akuti ndinakwatira mkazi wa mutu wouma, ndinkadziwa. Kenako akuti, mwana sindimuuza kanthu kaye. Foni inaduka, kaya ndi iwo kaya ndi netiweki.

Zovala ndalongedza m'chikwama. Osati kuti ndikufuna kuchoka, koma akandithamangitsa ndisachite kutolera masokosi pamaso pake. Achemwali a kwaya akuti ndine chitsiru, komanso akuti pa mpando wawo wa pabalaza munthu amagonapo bwino.

Ndawathandiza Anamaluwa kuvala. Jasi yabuluu, ndolo, milomo apaka zofiira. Akuti akufuna dokotala aone mkazi, osati wodwala. Akuti poyankhula ndi mwana wawo iwo akhala pambali panga, ndipo akayamba kukweza mawu amukumbutsa amene ankamusintha matewera. Andipatsanso lamulo: "Ukamugwadira ndikumenyanso. Uime."

Kuima pamaso pa munthu amene ndamulakwira. Sindinaphunzirepo. Maondo akudziwa njira yawo okha.

Ndadutsa pansi pa masitepe. Kanyali kakuwala kuseri kwa tepi, kofiira ngati diso. Dzanja linanyamuka lokha, ndinachita kulibweza ndi linzake.

Ambuye, kachipinda kaja kali ndi zenera. Ndinamuuza kale mwana kuti kali ndi zenera.

Galimoto ya Atayi yaima panja. Chitseko chake chamenyetsedwa. M'mwambamu njuchi ija yayamba kulira, akutsika, akundiitana kuti ndisatsegule iwo asanafike pansi