Sofa Yobiriwira ya Pamsewu

Lamlungu, 6 Okutobala

Mzinda wa Erie, kuno kutsidya kwa nyanja, wayamba kuzizira. Mawondo anadziwa kale.

Mawa kubwera galimoto ya zinyalala, ndiye msewu wonse uli mbwee: matiresi, njinga ya mwana, wailesi yakanema yaikulu ngati chitseko. Zaka zonsezi sindinazolowere. Anthu otaya katundu ngati akusanza.

Pochokera kutchalitchi ndapeza sofa m'nyumba. Yobiriwira, yaveleveti, miyendo yosema. Byamungu ataima pambali pake, thukuta kamukamu, mano onse pamtunda. Mlongo wanga wamng'ono. Mwezi sunathe chitsikireni ndege, zaka zake zabwino zinathera kumsasa wa othawa nkhondo. Waikweza yekha pamasitepe, ndi chingwe.

"Achemwali, tagwirani thabwa ili. Munthu wotaya zoterezi ngofunika kumupempherera." Kalipentala sasiya ukalipentala.

Lamulo ndikulidziwa: chansalu chilichonse cha pamsewu, osakhudza. Pakamwa ndinatsegula ndithu. Koma chibwerereni amadya ngati akuba, amapepesa ngakhale potsegula mpopi. Lero n'koyamba kundipatsa kanthu. Ndati zikomo.

Waiika mogundana ndi mpando wa malemu mwamuna wanga, Cirimwami. Kafungo kotsekemera, ngati zipatso zoola.

Lachinayi, 10 Okutobala

Kuyabwa. Khosi, mikono, kuseri kwa mawondo.

Kuntchito monga mwa nthawi zonse. Nsalu za pabedi za okalamba, ngolo pambuyo pa ngolo, mikodzo ndi phala. Dil Maya, mnzanga wa ku Nepal wa pamakina opindira, wandikoka kolala. "Iwe mayi, wapeza chibwenzi cha mano ang'onoang'ono eti?" Kenako kuseka kwatha. "Tsitsa manja a malayawo. Abwana akaona ubwerera lero lomwe."

Tsiku lonse mujuzi, m'chipinda chotentha ngati uvuni.

Loweruka, 12 Okutobala

Ndatembenuza khushoni. Msoko wonse timadontho takuda, ndi eni ake omwe, onenepa, osathawa n'komwe. Nsikidzi. Ndaphwanya imodzi ndi chikhadabo. Magazi anga, ndi fungo lija. Ndasanza musinki.

Kwathu ku Uvira inali nkhani ya tsiku limodzi. Amayi ankatulutsa mabedi pabwalo, madzi owira m'ming'alu monse, dzuwa n'kumaliza ntchito. Ife ana tikudumpha pamatiresi, anansi akuseka, mawa lake iwonso n'kutulutsa awo. Manyazi panalibe. Kuno dzuwa langokhala chithunzi cha dzuwa, ndipo nsikidzi ndi mlandu.

Byamungu sizimuluma. Kapena zimamuluma, koma thupi lake linasiya kalekale kudandaula. Akuti, "Tizilombo timeneti ndiye mukulira nato? Kumsasa tinkatitcha alonda."

Ndamuuza kuti asachite kanthu mpaka ndiganize.

Lolemba, 14 Okutobala

Sanadikire. Ine ndili kuntchito, iye mapoto onse pamoto. Wathira sofa yonse madzi owira, monga ankachitira amayi. Koma pansi pathu si dothi, ndi matabwa. Madzi adutsa, akawagwera a Haskins a m'nyumba yapansi, patebulo, m'mbale mwawo mwenimweni. Madzi akuda. Ndi mitembo yomwe.

A Haskins aimbira mwininyumba.

Mayi Dombrowski, eni nyumbawo, afika ndisanavule nsapato. Aima pakhomo, apisa miyendo ya buluku m'masokosi ine ndikuona. Ndawapatsa mpando mwachizolowezi, auyang'ana ngati ndawapatsa njoka. Lendi sinachedwepo m'nyumba muno. Pamaliro a Cirimwami anabwera ndi keke. Lero masokosi.

Mawu awo: chilichonse cha nsalu ndi thonje chituluke pofika Lamlungu. Tiching'ambe ndi mpeni, tilembepo ndi penti kuti wina asatole. Opopera mankhwala adzabwera, pambuyo pake galu wonunkhiza. "Galuyo akapeza kanthu amakhala pansi. Akangokhala pansi kwa a Haskins, wokondedwa, mundipatse makiyi."

Wokondedwa!

Ndipo eni nyumba mumzinda uno amauzana. Wochotsedwa chifukwa cha nsikidzi akalowera kuti, dzinja la kuno lili pakhomo?

Potuluka aloza ndi chibwano mpando wa Cirimwami. "Uwonso."

Lachinayi, 17 Okutobala

Zovala zonse m'matumba akuda. Masana kuchapa za okalamba, poweruka kuchapa zanga kochapira kwa pamsewu, makina akumeza makobidi ngati nkhuku yanjala.

Byamungu wayamba ntchito kufakitale ya mapulasitiki. Amadula tinyenyeswa pa zivindikiro za mabotolo, chiimire, kulankhula ayi. Munthu amene anapanga zitseko za tchalitchi chonse. Manja akununkha tayala lopsa.

Dzulo ndinamulalatira. Ndinati kuno si kumsasa, sungamatole chilichonse chimene waona. Chigwada chake anadyera pasinki, ataima. Atatsuka mbale ndi pomwe anati, "Mukanandiuza, achemwali."



Mpando uja. Tinaugula ndi malipiro oyamba a Cirimwami, watsopano, musitolo. Tinaunyamula awiri m'chipale chofewa, tikukangana njira yonse za amene akupendeketsa. Miyezi yake yomaliza anagona momwemo, poti chagada mpweya unkamuthawa. Thabwa lotsamirapo dzanja lamanja linada ndi chikhatho chake. Ndinkati ndikapukuta fumbi, pamenepo ndimalambalala.

Ndayang'ana mumsoko. Zilimo. Ngakhale iye sizinamusiye.

Lamlungu, 20 Okutobala

Tatsitsa zonse. Mpando ndaung'amba ndekha, msangamsanga, ndisanayambe kuganiza. Sofa ndinasiyira mwini wake, mpeni ndi penti m'manja, ine n'kukwera.

Ndikutsuka mapoto ndasuzumira pawindo. Sofa ili bwinobwino, yosakandika n'komwe, Byamungu wangoima. Mtima wa kalipentala wakana. Ndipo abambo awiri aigwira kale uku ndi uku, mayi wa mpango kumutu akutsogolera. Majekete opyapyala, nsapato zapulasitiki. Afika m'dziko muno sabata yomweyi, zikuonekera m'maso. Akulunjika khomo loyandikana ndi lathu, nyumba inanso ya Mayi Dombrowski.

Ndathamanga wopanda nsapato. Chingerezi sakumva, Chiswahili sakumva. Ndadzikanda, ndawaonetsa mikono. Akungomwetulira osaitula, akuyesa ndikuifuna ine. Ndiye ndamulanda Byamungu mpeni, ndaubaya pakati pa veleveti, kwee, mpaka kumapeto. Ndabwerezanso. Thonje panja, tizilombo balala pasimenti.

Mayiyo sanayang'ane pansi. Wayang'ana ine. Nkhope imeneyo ndikuidziwa. Ndinkaivala ine chaka changa choyamba, poona anthu akuno akutaya buledi wabwinobwino. Walavula pambali. Apita.

Byamungu walembapo ndi penti yofiira, zilembo zoongoka ngati za pachikwangwani cha sukulu. Mpaka pamenepo luso.



Lachitatu, 30 Okutobala

Galu wabwera. Kagalu ka makutu akugwa, kovala jekete, dzina lake Bisiketi. Nyumba yanga, zaka zanga zonse za muno, pamphuno ya Bisiketi.

Kwa a Haskins kazungulira m'makona, pansi pa bedi, patebulo lija. Ine pamasitepe, ndikupempha Mulungu wa kumwamba kuti matako a galu asakhudze pansi. Pemphero lotere sindinaliganizirepo. Sikanakhale. Kwathunso ayi.

Mayi Dombrowski: "Mwaona, wokondedwa? Palibe chodana." Buluku likadali m'masokosi.

Tikhala. Tikhala pansi penipeni, m'nyumba yonunkha mankhwala, mawu akumveka ngati m'tchalitchi chopanda anthu. Mayi wa mpango uja ndinakumana naye pokwerera basi. Anasuntha.

Byamungu wabwera kuchokera kuntchito ndi kanthu kokulunga m'nyuzipepala. Masiku onsewa anakabisa m'kabati yake ya kufakitale. Thabwa la dzanja lamanja. Analizula pampando galimoto ya zinyalala isanafike.

"Ndinalithira madzi owira kawiri, achemwali. Alamu asapite onse."

Ndaligwira. Kuda kwa chikhatho kuli pomwepo.

Kenako diso lagwera pabowo la msomali. Mkati muli kanthu kofiirira. Mwina dzimbiri. Ndatenga singano. Ndaibwezanso.

Ndati zikomo, ngati tsiku lija. Iye walowa kubafa akuimba, koyamba chibwerereni. Ine ndalikulunga m'thumba lapulasitiki, ndawonjezera lina, ndamanga zolimba, ndaliika mufiriji, koumitsira, pansi pa nsomba. Dil Maya amati kuzizira kumapha ndi mazira omwe, ukapirira sabata.

Cirimwami ankadana nako kuzizira. Pepani bambo. Mpaka Lachitatu basi.