Ndinanunkhiza Manja a Mpongozi Wanga

Aphungu,

Lero ndi Lachiwiri, pa 14 Ogasiti 2001, nthawi ili teni koloko m'mawa. Sukulu ndinalekeza Sitandade 3, ndiye mukaona zilembo zikupendama, musandiseke. Chimene Mulungu sanandimane ndi pakamwa, ndipo ndi pakamwa pomwepa pandigwetsa m'mavuto.

Mwana wanga Yoswa amagwira ntchito ku Bulawayo. Anandisiyira mkazi wake Sofiya, wochokera kutsidya kwa nyanja ku Kobwe, m'dziko la Mozambiki, ndi kamwana kawo Emmie. Zaka zisanu takhala pakhomo limodzi, sanatolepo ngakhale singano ya mwini.

Mwezi watha ndinapita ku Chipyela kukagula sopo, mnzanga Dinah n'kundikokera ku vidiyo ya Morgan. Ankaonetsa filimu yoseketsa ya wapolisi wofufuza milandu, chitsiru cha munthu, chijasi mpaka kumapazi. Kukabedwa chinthu, iye amangoyang'ana amene ali mlendo m'tauniyo, wolankhula mokhotakhota, n'kumununkhiza manja ngati galu, basi wakuba wapezeka. Chizungu sindimva, koma Morgan ankamasulira, ndipo wakubayo ankangomutchula kuti "wakutsidya". Tinaseka mpaka misozi.

Ine nkhani sigona m'mimba mwanga. M'mawa mwake kunyanja, kumene timaviika chinangwa cha kondowole, ndinaisewera filimu yonse ndekha. Wapolisi ine, wakuba ine. Pofuna kuti ikome, wakubayo ndinamulankhulitsa ngati Sofiya, mmene amasakanizira Chipwitikizi akamawerenga nsomba. Amayi anafa ndi phwete. Sofiya anali pomwepo, akusenda chinangwa, mutu uli pansi.

Patapita sabata, thumba la chinangwa cha Dinah linasowa m'madzi. Amayi aja amvekere, "Bwana wapolisi, gwirani ntchito!" Ine ndi uchitsiru wanga ndinakoleka chitenje m'mapewa ngati jasi, ndinadutsa amayi asanu ndi mmodzi, n'kukaima pamaso pa mpongozi wanga. Ndinamugwira manja, ndinanunkhiza, n'kufuula kuti, "Akununkha chinangwa!" Aphungu, ndi mkazi uti m'mudzi mwathu muno mwa Mbungo amene manja ake sanunkha chinangwa? Anga omwe ankanunkha! Ine ndinkati tikusewera, koma Dinah ndi anzake anathamangira m'nyumba mwa Sofiya, kutembenuza mphasa, kuvundukula mitsuko, Emmie akulira pakhomo. Pakamwa panga pamene sipatopa paja, tsikulo panatsekeka. Ndinaopa kuti anganene kuti ndikubisa wakuba.

Sofiya sanatukwane. Anangoti, "Amayi, akanatero ena ndikanapirira. Koma inu?" Kutacha anakwera bwato ndi mwana, ulendo kwawo.

Thumba lija analikola msodzi wina, Ambrose, mu ukonde wake patapita masiku atatu. Unalikoka ndi mwera, chifukwa Dinah analipsinja ndi kamwala kosakwana n'chibakera chomwe. Dinahyo akuti zatha, tiiwale. Aiwale ndi iyeyo, kwake sikunachoke munthu. Yoswa sakudziwa kanthu, ndipo walemba kuti abwera pa Khirisimasi. Ndidzamuuza kuti mkazi wake ali kuti? Ndatumiza uthenga kwa Sofiya kawiri kudzera kwa amalonda a nkhuni, yankho palibe. Ndine wamkulu, kugwadira mwana sindinazolowere. Nditani?

Amene mwawerenga, ngati mukuwolokera ku Kobwe, chonde ng'ambani tsambali mukam'patse Sofiya, mayi wake wa Emmie.

E.M., Mbungo, Likoma

Amayi E.M.,

Kalata yanu yamveka bwino, ndipo ndakuyamikirani kuti simunadzichotse pamlandu.

Mafilimu otere amatiphunzitsa tikuseka kuti wakuba amadziwika ndi kumene akuchokera kapena ndi kalankhulidwe kake. Wapolisi uja amapeza wakuba chifukwa opanga filimu anakonzeratu kuti mlendo ndiye abe. Kwanuko palibe amene anakonzeratu kanthu, n'chifukwa chake wavulala munthu wosalakwa. Komabe musakankhire Morgan zonse. Anthu ambiri anaonera filimu yomweyo, koma sanakanunkhize apongozi awo.

Yambirani pamene munamuchititsa manyazi. Pitani kunyanja m'mawa amayi onse alipo, munene mokweza kuti Sofiya sanabe, thumba linapezeka mu ukonde, ndipo amene anayambitsa zonsezi ndinu. Dinah aime pambali panu, afune asafune. Mawu amenewa awoloka nyanja inu musanawoloke.

Kenako lekani kutuma amalonda a nkhuni. Tsamba la nyuzipepala nalo silingakupepesereni. Kwerani bwato nokha, mutenge mkulu mmodzi wa kubanja kwanu kapena wa mpingo, popeza simukupita kwa Sofiya yekha. Makolo ake anamupereka m'manja mwanu, nawonso akudikira kumva. Za kugwada musadandaule nazo, maondo sathyoka ndi zimenezo.

Yoswa mulembereni sabata ino, mumuuze zonse monga mwandiuzira ine. Asadzamve kwa anthu m'sitima yapanyanja akubwera kumudzi.

Chenjezo langa ndi ili: mukafika musayambe ndi nthabwala, ndipo mawu oti "anali masewera" asatuluke pakamwa panu. Emmie musamunyamule mayi wake asanalole. Mwina Sofiya akana kubwerera. Akakana, musapse mtima, ndipo ulendowo musakausandutse nkhani yosekera kunyanja. Tsanzikani mwaulemu, mukwere bwato nokha, mwezi wamawa mudzawolokenso.

Aphungu